Tingalande Titatu ta M'khutu Mwanga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili sitandade seveni, pamene ndinadzuka m'mawa wina n'kupeza denga la nyumba likuyenda.

Nthawi imeneyo ndinkakhala ku Champhira. Mayi anga anamwalira ndisanayambe sukulu, ndipo bambo, amene kwawo ndi ku Ntcheu, ankacheka matabwa m'nkhalango ya paini ku Chikangawa. Kumeneko ankagona m'chisakasa ndi amuna anzawo apantchito, malo osati n'kulererako mwana wamkazi. Choncho anandisiya m'manja mwa akulu awo a mayi anga, a NyaMoyo, amene ine ndinkangowatchula kuti amama.

Amama anali mayi wamfupi, wa mawu okwera, wolima tomato ndi anyezi kudimba n'kumakagulitsa ku Jenda. Pamkono wamanzere ankavala zibangiri zitatu zachitsulo, moti unkadziwa kuti akubwera usanawaone. Ankandikonda mwa njira yawo, ija yokalipa uku akukuwonjezera ndiwo m'mbale. Koma anali ndi bala mumtima. Mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo anasiya sukulu ali fomu wani chifukwa cha mimba, n'kukalowa banja la mavuto. Nkhaniyi sinkatchulidwa pakhomo paja, komabe inkamveka m'mafunso awo ndikachedwa kumjigo, ndi m'mene ankafunira kudziwa dzina la mnyamata aliyense wondipatsa moni panjira.

Inali nyengo yozizira, ya mphepo ija yong'amba milomo. Chimfine chinali chitayenda m'kalasi mwathu monse, nanenso chinandigwira n'kundisiya, ndipo ndinkayesa ndachira. M'mawa umenewo nditati ndidzuke pamphasa kuti ndikatunge madzi, mitengo ya denga inayamba kutsetserekera mbali imodzi, n'kubwerera, n'kutsetserekanso. Ndinati ndigwire khoma, khomalo linandithawa. Ndinagwa chammbali, ndipo ndisanaitane n'komwe ndinasanza.

Amama anayamba aganiza za malungo. Anandigwira pachipumi, koma thupi silinali lotentha. Anandifunditsa bulangete n'kundiphikira phala la mgaiwa. Ndikagona phee, maso otseka, zinkakhalako bwino. Ndikangotembenuza mutu, dziko lonse linkatembenuka nane, m'mimba n'kubwadamuka. Kuchimbudzi ndinkapita chokwawa. Fungo la usipa wokazinga, limene ndinkalikonda kwambiri, linkandichititsa nseru ndili m'nyumba.

Patapita masiku angapo ndinaona kuti amama asintha. Anasiya kukalipa, ndipo kwa iwo chimenecho chinali chizindikiro choipa. Madzulo ena anakhala kumiyendo kwa mphasa yanga.

"Wezi," anatero, "undiuze zoona. Ndi ndani?"

"Ndani wa chiyani, amama?"

"Nanenso ndine mwanakazi, mwana iwe. Kusanza m'mawa, chizungulire, kudana ndi fungo la somba. Ndinaziona kale zimenezi m'nyumba muno."

Zinanditengera kanthawi kuti ndimvetse. Nditamvetsa ndinalira, ndipo kulirako kunagwedeza mutu, denga n'kuyambanso ulendo wake. Ndinakana, ndinalumbira, ndinatchula dzina la mayi anga akumanda. Amama anangoti nayenso mwana wawo analumbira choncho. Anandikumbutsa za mnyamata wina wa m'kalasi mwathu amene anandikwezapo panjinga tsiku lina kukugwa mvula. Ine ndinali nditaiwala kale za tsikulo.

Mawa lake kunabwera amayi awiri anzawo a kudimba. Anandiyang'ana m'zikhatho, anandiyang'ana pakhosi, kenako anatuluka n'kumanong'onezana pakhonde m'Chitumbuka, ngati kuti ine sindinkamva. Atapita, amama anachotsa yunifolomu yanga pachingwe, anaipinda bwinobwino, n'kuiika pansi penipeni pa sutikesi. Palibe chimene chinandipweteka kuposa chimenecho. Ndinkaona sukulu yanga ikutsekeredwa m'sutikesi ine ndili chigonere, osatha ngakhale kuimirira kuti ndidzikanire ndi mphamvu.

Amama anapita kumsika kukaimba foni kwa kapitawo wa bambo, amene anawaitana bambowo kuti alankhule nawo. Bambo anakwera lole ya matabwa mpaka ku Jenda, kuchoka apo anakwera kabaza. Ndinawamva asanalowe, akupatsana moni ndi amama pakhonde, kenako mawu a amama anatsika n'kukhala manong'onong'o. Ndinadziwa chimene ankawauza. Ndinakoka bulangete mpaka kumaso.

Bambo analowa ali ndi fungo lawo lija la utomoni wa paini, utuchi uli mbuu m'tsitsi. Anagwada pafupi nane. Ine ndinadikira funso. Ndinali nditakonza kale mawu oyankhira, ndipo ndinkadziwa kuti akangondifunsa, ngakhale mofatsa, kanthu kena kathyoka mwa ine.

"Wezi, mwana wanga," anatero, "ukatseka maso chimasiya?"

"Chimachepa, ababa."

"Ndiye tseka. Ndikubereka."

Anapempha chitenje kwa amama n'kundibereka kumbuyo ngati khanda, mtsikana wamkulu kale, miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo mwawo. Anadutsa nane pakati pa mudzi masanasana, anthu akuyang'ana. Sanafulumire ndipo sanazembe aliyense. Wowapatsa moni ankamuyankha bwinobwino, n'kuwonjezera kuti, "Mwana wadwala, tikupita naye kuchipatala cha ku Boma." Amama ankatsatira m'mbuyo atanyamula kabeseni ndi chikwama.

Ulendo wa pa minibasi sindiukumbukira wonse. Ndikukumbukira manja a bambo, okhakhala ngati khungwa, atagwira mutu wanga uku ndi uku pachifuwa pawo kuti usagwedezeke m'mabampu. Ndikukumbukiranso kuti nditasanza, kondakitala anayamba kudandaula, ndipo amama, amene sanandilankhule chichokereni kunyumba, anamutembenukira n'kumusambwadza m'Chitumbuka mpaka anthu onse m'galimoto anaseka. Mnyamatayo sanatsegulenso pakamwa mpaka tinafika.

Kuchipatala tinakhala pamzere nthawi yaitali. Amene anationa anali mayi wamtali, wovala magalasi, wolankhula mosathamanga. Dzina lawo sindinalisunge, tonse tinkangoti adokotala. Amama atangoyamba kufotokoza zimene ankaganiza, adokotala anakweza dzanja n'kupempha akuluakulu kuti ayambe atuluka. Titatsala awiri anandifunsa funso lija mosabisa mawu, ndipo ndinayankha kuti ayi.

"Ndakumva," anatero. "Tiyezabe mkodzo ndi magazi, kuti amene ali panjawo asabwerere kwawo ndi kanthu mumtima."

Zotsatira zitabwera anawaitana onse awiri. Anati malungo palibe, ndipo mimba palibe. Amama anagwira pakamwa, kenako anaphimba nkhope yonse ndi chitenje. Bambo sanawayang'ane n'komwe. Anangofunsa kuti, "Nanga chikumugwetsa mwanayu n'chiyani?"

Adokotala anandikhazika pabedi n'kundiuza kuti ndiyang'ane chala chawo. Anawaitana bambo kuti abwere pafupi.

"Taonani maso akewa."

"Akuvina," anatero bambo modabwa. "Akupita uku pang'onopang'ono, n'kudumphira uku."

Anandigwira mutu n'kuutembenuza mwadzidzidzi, ine ndikuyesetsa kuyang'ana mphuno yawo. Anatikita zala pafupi ndi khutu lililonse kuti aone ngati ndikumva, ndipo ndinkamva bwinobwino. Anandiuza kuti ndikhudze mphuno yanga kenako chala chawo, ndifinye manja awo, nditulutse lilime. Atatha anati vuto lili m'khutu lamanzere.

"Khutu?" anatero amama kuchokera m'chitenje muja. "Koma mwana sakudandaula khutu. Mafinya palibe."

"Tandibwerekani zibangiri zanuzo, mayi."

Amama anavula mosamvetsa. Adokotala anagoneka chibangiri chimodzi pachikhatho, n'kuimika ziwiri zinazo pamwamba pake, china kuyang'ana uku, china uku, monga mmene makoma awiri amakumanira ndi pansi pangodya ya nyumba. Anati khutu limene timaliona ndi khonde chabe. Mkati mwenimweni, m'fupa lolimba la mutu, muli kanyumba ka njira zokhotakhota kamene m'mabuku amakatcha labirinthi. Mbali ina ya kanyumbako ndi yopiringizika ngati nkhono, ndiyo timamvera mawu. Mbali inayo ili ndi tingalande titatu topindika ngati zibangiri zimenezi, tating'ono kwambiri moti tonse tingakwane pachikhadabo, ndipo m'kati mwake muli madzi.

"Timeneti ndi timene timakuuza kuti mutu wako walowera kuti," anatero akundiyang'ana ine. "Pa Chingerezi amati semisekyula kanalo, kutanthauza ngalande zopindika ngati theka la mkombero. Kogona aka ndi latero, kam'mbali. Ukamapukusa mutu kukana, ndi kamene kamamva. Aka ndi anteriya, kakutsogolo. Aka ndi positeriya, kakumbuyo. Tiwiriti timathandizana ukamagwedeza mutu kuvomera, kapena ukapendeketsa khutu kulowera paphewa."

Bambo ankabwereza mawuwo chapansipansi, milomo ikuyenda, ngati munthu woloweza nyimbo yatsopano ya kwaya. Adokotala anapitiriza kuti kumapeto kwa kangalande kalikonse kuli kotupa pang'ono, kotchedwa ampula, ndipo mmenemo muli timaubweya tosaoneka ndi maso. Mutu ukatembenuka, madzi aja amatsalira pang'ono, ngati madzi a m'ndowa ukaipotoza mwadzidzidzi, n'kukankha timaubweyato. Tikapindika timatumiza uthenga ku ubongo kudzera mu mtsempha.

"Ampula ndiye kuti chiyani?" anafunsa bambo.

"Ndi mawu akale a azungu. Tanthauzo lake ndi kabotolo, tinene kuti kansupa."

"Chiuta wane!" Amama anavundukula nkhope. "Nsupa m'mutu mwa mwana? Waikamo ndani?"

Adokotala anaseka mpaka anavula magalasi. Bambo anaseka. Nanenso ndinaseka koyamba chiyambireni kudwala, ngakhale kuti kusekako kunazunguza chipinda chonse. "Nanunso muli nazo, mayi," anatero adokotala. "Zitatu uku, zitatu uku. Munabadwa nazo."

Kenako anafotokoza za ine. Anati chimfine chija chikuoneka kuti chinatupitsa mtsempha wonyamula uthenga kuchokera ku tingalande ta kumanzere. Khutu lamanja linkanena zoona, lamanzere linangoti zii, ndipo ubongo pomva mbali imodzi yokha unkaganiza kuti ndikuzungulira. N'chifukwa chake maso ankavina ndipo m'mimba munkakana chakudya. Anandipatsa mankhwala oletsa kusanza a masiku ochepa, n'kuchenjeza kuti mutu ukayamba kupweteka kwambiri, kapena khutu likasiya kumva, kapena dzanja likachita dzanzi, tibwerere msanga.

"Ndimugoneka phee mpaka achire," anatero bambo. "Sagwira kanthu."

"Apo ndiye mumuchedwetsa, bambo. Kusanza kukangochepa, ayende. Atembenuze mutu, ayang'ane uku ndi uku, ngakhale zikumuzunguza. Ubongo umaphunzira kudalira khutu labwinolo, maso ndi mapazi, koma sungaphunzire mwana ali chigonere."

Bambo sanabwerere ku Chikangawa sabata imeneyo, ngakhale yotsatira. Anatumiza uthenga kwa kapitawo kuti mwana akayenda yekha ndi pamene adzawaone. M'mawa uliwonse dzuwa likangofunda ankanditulutsa. Ankandigwira manja onse awiri, iwo n'kumayenda chobwerera m'mbuyo m'kanjira kopita kudambo, ine ndikudzandira kutsogolo kwawo ngati thole longobadwa kumene. Tikayenda pang'ono ankaima n'kufuula ngati mphunzitsi wa masewera.

"Latero!"

Ine ndinkapukusa mutu, maso ali pamphuno pawo.

"Anteriya!"

Ndinkagwedeza mutu kuvomera.

Dzina lachitatu linkawavuta. Tsiku lina linkatuluka positala, tsiku lina posita, ndipo m'mawa wina atasowa pogwira anangofuula kuti, "Positi ofesi!" Ndinaseka mpaka ndinagwera m'udzu. Anandidzutsa, anandisasa, tinapitiriza. Masiku oyambirira ndinkasanza m'mbali mwa njira, ndikulira kuti andisiye ndikagone. Nkhope yawo inkaoneka kuti akufuna kundimvera. Ankapukuta pakamwa panga ndi malaya awo n'kunena kuti, "Tifike pamtengo uwo basi." Tikafika pamtengopo ankaloza wina.

Ana a m'mudzi anayamba kutitsatira. Posakhalitsa anasandutsa zimenezi masewera: mmodzi ankaima kutsogolo n'kufuula dzina, anzake n'kugwedeza mutu, wolakwitsa ankatuluka. Ana osadziwa ngakhale kulemba dzina lawo ankayenda m'mudzi akuimba anteriya ndi latero. Amama anati Anteriya likumveka ngati dzina la mtsikana wa kutchalitchi, ndipo anapatsa mayina atatuwo anapiye atatu amene anatsala kwa thadzi lawo lofiira. Positeriya anakula n'kukhala tambala wovuta kwambiri pamudzi ponse.

Amama sanali munthu wopepesa ndi pakamwa. Chimene anachita n'chakuti anapita kumjigo nthawi imene amayi amachuluka, anavula zibangiri zawo, n'kuyamba kuphunzitsa. Ndinamva kwa anzanga kuti anasokoneza zambiri. Anati mwana ali ndi mabotolo m'makutu, ndipo limodzi linatayikira chifukwa cha chimfine. Koma mfundo yaikulu sanaiphonye, ndipo anainena mokweza kuti aliyense amve, makamaka anzawo awiri aja a kudimba. Anakafikanso kusukulu, kwa aphunzitsi aakulu, kukanena kuti malo anga asapatse wina.

Tsiku lina masana ndikuchokera kudambo ndi bambo, ndinapeza yunifolomu yanga ili pamphasa, yochapa, yosita ndi ayironi ya makala, ikununkhira sopo. Amama anali pakhonde akusankha nyemba. Ndinakhala pafupi nawo n'kuyamba kuwathandiza. Kenako, maso ali m'lichero, anati, "Nkhawopanga waka, mwana wane." Ankatanthauza kuti ankangoopa. Ndinawathokoza kuti, "Yewo, amama." Anandikalipira kuti ndikutaya nyemba zabwino pamodzi ndi zofumbwa, ndipo ndinadziwa kuti nkhani yatha.

Kuchira kunabwera mwakachetechete. Ndinayamba kuyenda bambo atandigwira dzanja limodzi, kenako ali pambali chabe, kenako ali kumbuyo. M'mdima ndinkadzandirabe kwa nthawi yaitali, chifukwa maso sankandithandiza. Tsiku limene ndinasenza kapoto ka madzi kuchokera kumjigo, theka linathera pamsana, koma ndinafika nako pakhomo osagwa. Bambo anamwa madziwo ataimirira, ngakhale sanali ndi ludzu, ndipo mawa lake anakwera lole kubwerera kuntchito.

Ndili ku sekondale ndinakumana nato tingalande tija m'buku la sayansi, tojambulidwa bwino, mayina ake atalembedwa m'Chingerezi chenicheni. Aphunzitsi atawerenga dzina lachitatu ndinaphulika kuseka ndekha m'kalasi, ndipo ananditulutsa panja. Ndinalephera kuwafotokozera kuti ndikuona tambala wa amama akuthamangitsa ana.

Lero ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Mzimba Boma. Amama anatisiya. Bambo anapuma ntchito, msana unatopa ndi matabwa, ndipo amakhala ndi ine. Kwa zaka zambiri ndinkafotokoza nkhani imeneyi motere: anthu onse anandikayikira, bambo anga okha ndi amene anadziwa kuti ndikunena zoona. Ndinkanyadira zimenezo. Chaka chatha, tili pakhonde Lamlungu masana, ndikuwameta tsitsi, ndinawafunsa kuti anadziwa bwanji.

Lumo linkalirabe pamutu pawo.

"Sindinadziwe," anatero.

Ndinasiya kumeta.

"Alamu anga atandiuza pafoni, ndinakwera lole ija mtima uli m'malere. Njira yonse ndinkaganiza kuti mwina n'zoona. Ine ndinkakhala kutali, ndikanadziwa bwanji? Koma tikuyandikira Jenda ndinadzifunsa kuti, zikakhala zoona, ndiye kuti mwanayu wasanduka wa ndani? Ndinapeza kuti ndi wanga yemweyo. Ndiye ndinati funso lidikire, ine ndikanyamule mwana wanga."

Ndinamaliza kuwameta. Poyamba mawuwo anandiluma, chifukwa ndinkafuna kuti akhale munthu amene sanandikayikirepo ngakhale kamodzi. Koma ndawasinkhasinkha kwa miyezi tsopano, ndipo ndaona kuti zimene anandipatsa zinali zazikulu kuposa zimene ndinkaganiza. Akanakhala kuti anandibereka chifukwa chotsimikiza kuti ndilibe mlandu, ndiye kuti tsiku lina nditalakwa zenizeni akanatha kunditsitsa. Iwo anandibereka asakudziwa, pamaso pa mudzi wonse, okonzeka kumva yankho lililonse ku Boma kuja.

M'kalasi mwanga mumapezeka mtsikana wogona padesiki, wosanza kuseri kwa chimbudzi, amene anzake ayamba kale kumunong'ona. Kale ndinkathamangira kufuna kudziwa zoona zake. Masiku ano ndimayamba ndamukhazika pamthunzi, ndamupatsa madzi, ndamufunsa pamene pakupweteka. Mafunso enawo amakhala ndi nthawi yake, ndipo mwana amayankha bwino akadziwa kuti yankho lake silimuchotsera munthu womunyamula.